Magudumu a Thalakitala ndi Mizere ya Atate

Kuseri kwa chitseko cha nyumba yathu ku Chiparamba kunkakhala ndodo ya nsungwi. Inali yoyezera mpata wa pakati pa mzere ndi mzere m'munda. Alangizi a zaulimi anadula ndodo zotere zambiri chaka chimene thalakitala inabwera, zonse zofanana, nagawira mwamuna aliyense wa m'kopaletivu yathu. Koma yathu inali yaifupi kuposa za anzathu. Kunsonga kwake kunali koyera ndi kosalala, pamene mpeni wa atate unadutsa. Ndikatseka maso ndimaionabe, yakuda pakati chifukwa cha thukuta la m'manja, dothi lofiira litaumira m'mfundo zake.

Atate anaifupikitsa dala. Anabwerera kuchokera kumigodi ali ndi chifuwa chosamva mankhwala, komabe m'chilimwe chawo chotsiriza ankalowa m'munda m'mawa uliwonse kukaunda mizere. Khasu likapita patali kukakoka dothi, mpweya unkawathera. Tsiku lina anakhala pansi, natulutsa mpeni, nadula nsungwiyo chidutswa chotalika ngati chikhatho chawo. Anati mizere ikayandikana khasu silipita patali. Munda wonse anauunda ndi muyeso umenewo, mzere uliwonse wowongoka, wofanana ndi unzake, akupumira njiranjira. Anamaliza nyenje zikulira ndi kutentha, ndipo mvula yoyamba inagwa pa manda awo.

Masiku amenewo dziko linali litangolandira ufulu. Mbendera ya pasukulu inali yatsopano, tawuni yathu inali itangotaya dzina la mzungu n'kukhala Chipata, ndipo chilichonse chochokera kuboma chinkalandiridwa ndi nthungululu. Thalakitala tinailandiranso choncho. Inali yaing'ono, yotuwa ngati bulu, yonunkha dizilo ndi utoto. Inafika magudumu ake akumbuyo ali pafupi ndi thupi lake, ndipo amuna awiri ochokera kutawuni anatha tsiku lathunthu pabwalo la sukulu akuwatalikitsa kuti agwirizane ndi ndodo ya alangizi. Mudzi wonse unaonerera. Aphunzitsi athu, amene analinso mlembi wa kopaletivu ndiponso wotsogolera mapemphero ansembe akakhala kulibe, anatitulutsa m'kalasi kuti tione. Anatifotokozera kuti pobandira chimanga, thalakitala imaika mizere iwiri pansi pa mimba yake, magudumu akuyenda m'ngalande za m'mbali, makasu ake achitsulo akuunjika dothi patsinde pa mbewu ndi kukwirira udzu. Mpata wa magudumu ukasiyana ndi mpata wa mizere, imaponda mbewu.

Woyendetsa wake anali atate aang'ono, mng'ono wawo wa atate anga. Anakaphunzira ntchitoyo kutawuni, nabwerako ndi ovololo ndi chipewa. Ndiyenera kunena zoona pamaso pa Mulungu, ntchito yawo ankaidziwa. Ankaipukuta thalakitalayo ndi nsalu monga mayi apukuta mwana, ndipo ikalira mosayenera ankamva ali kutali.

Kwathu ndi kwa Angoni. Ng'ombe zikapita kwa makolo a mkazi, ana amakhala a kuchimuna. Amayi anali ochokera kutali, cha ku Katete. Anatsala ndi ine, mwana wamkazi woyamba, alongo anga awiri aang'ono, ndi wina m'mimba. Titameta maliro, achibale a atate anakhala pansi nagamula motere: tidikire kukolola. Nkhokwe ikadzaza, mkaziyu akhale pakhomo pa mwamuna wake, alere ana. Ikapanda kudzaza, alowe m'nyumba ya atate aang'ono akhale mkazi wachiwiri, ndipo akakana abwerere kwawo, ana atsale. Sanagamule mwankhanza, iwo ankati akuteteza ana ku njala. Koma amayi anali mkazi wobatizidwa, wokwatiwa pa guwa. Kulowa mitala kukanawaletsa kulandira Ukaristia, ndipo kubwerera kwawo kukanawalanda ife. Mawu amene anayankha ndimawakumbukira chifukwa anawanena mutu uli chilili, chinthu chimene mkazi wamasiye sankachita pamaso pa azilamu ake: "Ana anga sindiwasiya, ndipo guwa sindilisiya. Tionana pokolola."

Tinabzala awiriwiri, amayi akuboola ndi khasu, ine ndikuponya mbewu ndi kukwirira ndi phazi. Chimanga chinamera bwino, chobiriwira moderako. Koma mvula ya chaka chimenecho sinkapuma, ndipo udzu unamera pamodzi nacho: chisoso, khovani, ndi nsongole wolasa kumapazi. Amayi anali atatopa kwambiri ndi pakati. Akawerama ndi khasu pang'ono chabe, ankaimirira atagwira msana, nkhope itachita mdima. Ng'ombe yathu imodzi inaphedwa pamaliro, ndipo yotsalayo sikanakoka goli yokha. Kuitana anthu kuti adzatilimire kunkafuna mowa, ndipo amayi mowa sankafulula. Komanso nyengo imeneyo aliyense amalimbana ndi udzu wake. Chiyembekezo chathu chinali thalakitala. Atate anali membala wa kopaletivu, anaumba nawo njerwa za shedi yake akutsokomola, ndipo munda wathu unali pa mzere wa minda yoti ibandiridwe monga ina yonse. Nthawi inali yochepa. Chimanga chinali chitandifika m'mawondo, ndipo chikangotalika kupitirira mimba ya thalakitala, palibenso kulowa.

Tsiku lathu litafika tinaimva ikubwera ndi njira ya kudambo, ikulavula utsi wakuda. Atate aang'ono anaima kumutu kwa munda osazimitsa injini. Anayang'ana mizere, nayang'ana magudumu, napukusa mutu.

"Alamu, mizere iyi ndi ya munthu wodwala," anatero mokweza kuti amveke. "Gudumu limodzi likalowa m'ngalande, linalo likwera pa chimanga. Ndilowa momwemu, chimene chitsale ndi chanu. Kapena mubwere kunyumba tikambirane monga anthu a banja limodzi. Kwanga chimanga sichisowa."

Amayi anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo kwa thalakitala, pamene mzere woyamba unayambira, nakhala pansi m'matope, miyendo atawongola monga amakhalira amayi oyembekezera. Anatulutsa kolona m'chitenje nayamba kupemphera. Ine ndinali nditabereka mlongo wanga wamng'ono. Ndinapita ndi kukhala pambali pawo. Kutentha kwa injini kunkatiwomba kumaso, nthaka ikunjenjemera pansi pathu, mwana akulira kumsana kwanga. Musandiyese wolimba mtima, mantha ndinali nawo. Koma mwana wa atate aang'ono anali atandiuza kuchitsime kuti posachedwa ndizidzagona naye pa mphasa imodzi amayi anga atapita kwawo, ndipo gudumu linkandiopsa pang'ono kuposa mawu amenewo.

Anthu anasiya makasu m'minda yoyandikana nabwera. Wina anathamangira aphunzitsi. Iwo anafika choko chili m'manja, namvetsera mbali zonse, nanena mofatsa kuti nthawi ya munda uwu yakwana, ndipo palibe pamene kopaletivu inagwirizana kuti munda wa mizere yoyandikana udumphidwe kapena upondedwe. Anakumbutsanso kuti magudumu amenewa tonse tinawaona akusunthidwa pabwalo la sukulu.

Atate aang'ono anazimitsa injini naseka. "Amuna awiri akutawuni anatuluka nawo thukuta tsiku lonse. M'matayalamu muli madzi, aphunzitsi, lililonse limalemera ngati ng'ombe. Ine sindingasunthe chifukwa cha munda umodzi, mawa n'kubwezeranso. Amene akufuna asunthe yekha. Akasuntha, ndilowa, ndibandira mpaka kumapeto."

Pamenepo amayi anakweza maso. "Aphunzitsi, mwamva? Nonse amene muli pano, mwamva?"

Anthu anayankha kuti tamva, ena akuseka. Atate aang'ono anaimika thalakitala pansi pa mkuyu wa m'mphepete mwa munda wathu, natulutsa sipanala yaikulu yomasulira magudumu m'bokosi, naiponya pamapazi pa amayi. Jeke, chitsulo chonyamulira thalakitala kuti gudumu lichoke pansi, anainyamula paphewa napita nayo kwawo.

Malembo amasimba za mkazi wamasiye amene ankapita kwa woweruza wosaopa Mulungu tsiku ndi tsiku mpaka woweruzayo anatopa naye. Ndili mwana ndinkaganiza kuti mkazi ameneyo anali wofatsa, wamisozi. Tsopano ndikamva nkhaniyo m'tchalitchi ndimaona amayi anga akutola sipanala m'matope, akuipukuta ndi nsonga ya chitenje, osalira mpang'ono pomwe. Madzulo amenewo anayenda khomo ndi khomo kupempha owathandiza kusuntha magudumu. Amuna anawalandira mwaulemu, nawapatsa mpando, nawauza kuti msana ukuwawa, kapena kuti mawa ali ndi ulendo. Minda yawo inali isanabandiridwe, ndipo palibe amene ankafuna kudana ndi woyendetsa thalakitala m'nyengo ya udzu. Ndinawakhululukira kalekale, pakuti inenso ndimapempha chikhululukiro tsiku lililonse. Koma kukhululuka sikunandichititse kunena kuti anachita bwino.

Amene anabwera Loweruka m'mawa anali amayi a kolona, aja ankasonkhana kupemphera ndi amayi anga, pamodzi ndi aphunzitsi. Anabwera ndi zida zimene mkazi amakhala nazo: minsi, mitondo iwiri ikuluikulu, zingwe za luzi. Aphunzitsi anabweretsa paipi yachitsulo yochokera pa mjigo wowonongeka wa pasukulu. Asanakhudze kanthu anagwada pa udzu wonyowa napempha Atate wa ana amasiye kuti pasapezeke wothyoka mwendo. Mayi wina wachikulire, wopanda mano akutsogolo, anafunsa kuti kodi amuna athu ali kuti lero. Mnzake anayankha kuti ali kumunda, akubandira mantha awo. Kuseka kumene kunabuka kunathamangitsa mbalame mumkuyu.

Anatchinga magudumu akutsogolo ndi miyala. Aphunzitsi analowetsa sipanala m'paipi kuti italike, ndipo azimayi awiri anaitsamira pamodzi mpaka nati yoyamba yomangira gudumu inalira ngati nkhuku yogwidwa, n'kumasuka. Anamasula manati onse pang'ono gudumu lili pansi. Amayi anga anafuna kugwira nawo, koma anzawo anawakalipira kuti akhale pa muzu wa mkuyu, asatiberekere pano. Vuto linali kunyamula. Analowetsa mtengo wautali pansi pa thalakitala, naika mwala, natsamira onse. Thalakitala inangogwedezeka. Anayesanso, mtengowo unathyoka, azimayi atatu n'kugwa chagada m'matope. Nthawi imeneyi palibe amene anaseka. Dzuwa linali litakwera, ndipo ndinaona amayi anga akuyang'ana chimanga chawo, milomo ikuyenda popanda mawu.

Kenako tinaona munthu akubwera ndi njira ya kumudzi, dengu lili pamutu, lovundikira ndi nsalu. Ankayenda khosi litauma, mapazi akulowa m'matope, ngati wasenza mwala. Anali amayi aang'ono, mkazi wa atate aang'ono. Iwo ndi amayi anga sanali paubwenzi. Anali munthu wa pakamwa pakuthwa, wosabwera kukolona, ndipo chiyambire maliro anali asanapondepo pakhomo pathu. Azimayi awiri anawatula. Pansi pa nsalu panali jeke, mafuta ake atadontha pa duku lawo.

"Akulu, nachi chitsulo mukuchifuna," anatero kwa amayi anga osawayang'ana kumaso. "Chinali pansi pa bedi. Musandithokoze."

Sanabwerere kwawo. Anamanga chitenje m'chiuno nagwada pambali pa aphunzitsi. Jeke anaikhazika pa thabwa kuti isamire m'dothi, ndipo mbali imodzi ya thalakitala inayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka kuwala kunaoneka pansi pa tayala. Analowetsa mtondo wozondotsa pansi pa chitsulo chimene gudumu limazungulirapo, naonjezera zipika pamwamba pake, natsitsa jeke kuti thalakitala ikhale pa mtondowo. Mtondo unalira koma sunang'ambike. Anachita chimodzimodzi mbali inayo. Thalakitala ya boma, imene tinaivinira, inakhala pa mitondo iwiri ya azimayi a m'mudzi, miyendo yake yakumbuyo ili m'malere.

Gudumu la thalakitala lili ndi zigawo ziwiri, mkombero umene umagwira tayala, ndi chitsulo cha pakati chooneka ngati mbale. Mbaleyo ikayang'ana kunja, tayala limakhala patali ndi thupi. Ikayang'ana mkati, tayala limabwera pafupi. Aphunzitsi ankakumbukira zimenezi kuchokera tsiku lija pabwalo la sukulu, choncho anati tichotse gudumu lakumanzere, tilitembenuze, tilibwezere. Pochotsa ndi pamene tinadziwa kuti za madzi zija atate aang'ono sanatinamize. Gudumu litangochoka pa mabawuti ake linapendekeka, madzi akulira kuthukuthu mkati mwake, n'kuyamba kugwera kumene kunali mayi wachikulire uja. Amayi aang'ono anadziponya pansi pake ndi msana, munsi atauimika pambali pawo, nakuwa kuti gwirani, gwirani, anthu inu. Mitsempha ya m'khosi mwawo inatuluka ngati zingwe. Enawo anathamangira ndi minsi nalibweza chilili. Pamene anadzuka, bulauzi yawo inali itang'ambika paphewa, khungu litasupuka. Anangolavula malovu m'manja nati tiyeni.

Kulitembenuza gudumulo kunawatengera nthawi yaitali. Ankalizunguza pang'onopang'ono, ena akukankha, ena akuchirikiza ndi minsi, mpaka mbale inayang'ana mkati. Kuligwirizanitsa ndi mabawuti kunali ntchito inanso. Ankalinyamula pang'ono ndi minsi iwiri pansi pake, aphunzitsi akusuzumira m'mabowo, akunena kuti kwezani, tsitsani, bwererani pang'ono. Litalowa, azimayi anayamba nthungululu.

Mawu amene anadula nthungululuzo anachokera pa chulu. Atate aang'ono anali atabwera kutsatira jeke yawo, ndipo ataona mkazi wawo pakati pa gulu anaima patali, manja atapinda, kudikira kuti tilephere. Sindidziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Koma zimene anaona tsopano sanathe kuzipirira.

"Mukundiwonongera thalakitala! Taonani mano a tayalalo, akuloza kumbuyo! Ikalowa m'matope choncho ingodzikumbira manda!"

Tinayang'ana. Mano a tayala la thalakitala amakumana pakati ngati nsonga ya muvi, ndipo ukayang'ana pamwamba pa tayala nsongazo zimayenera kuloza kutsogolo. Pa gudumu lakumanja, limene tinali tisanalikhudze, zinkaloza kutsogolo. Pa limene tinatembenuza zinkaloza kumbuyo.

"Satembenuza pamalo pomwepo!" anapitiriza kukuwa akutsika pa chulu. "Lakumanzere lipite kumanja, lakumanja libwere kumanzere. Mbale ziyang'ana mkati zokha, mano akhala momwe analili. Aphunzitsi, inunso simunaone zimenezi?"

Aphunzitsi anavomera kuti sanaone. Amayi anga, ali pa muzu paja, anawomba m'manja mwaulemu monga mkazi achitira kwa mlamu wake, nati, "Tamva, alamu. Zikomo potiphunzitsa." Ndipo azimayi aja, otopa kale, manja atatupa, anamasulanso manati amene anali atangomanga. Palibe amene anadandaula. Anabweza gudumu momwe linalili, nachotsa linzake, nawagubuduza onse awiri kumbuyo kwa thalakitala, kuwadutsanitsa ngati ng'ombe ziwiri zokumana pa chipata cha khola.

Ndakhala ndikuganizira za mphindi imeneyo zaka zonsezi. Atate aang'ono akanangokhala chete, ntchito yathu ikanapita pachabe. Lolemba akanabwera, natisonyeza mano aja, nakana kukwera, ndipo palibe amene akanawatsutsa. Chimanga chikanapitirira msinkhu, udzu ukanachimeza, ndipo amayi akanayenera kusankha pakati pa guwa ndi ana. Koma munthuyo ankaikonda thalakitala yake kuposa chiwembu chake. Mulungu amene anatsegula pakamwa pa bulu kuti anene zoona panjira sanavutike kutsegula pakamwa pa munthu wonyada. Sindinena izi monyoza akufa. Ndimangodabwa ndi zida zimene Ambuye amatola akafuna kuteteza wamasiye.

Magudumu onse atalowa, amayi anandituma kukatenga ndodo ya atate. Anadzuka okha nayeza, kuyambira pakati pa tayala lina mpaka pakati pa linzake. Pankayenera kulowa ndodo ziwiri ndendende. Zinalowa, koma panatsala mpata wa zala zinayi. Azimayi anayang'anana. Atate aang'ono anatukwana chapansipansi, navula chipewa, nalanda sipanala m'manja mwa aphunzitsi. Anamasula mabawuti ogwirizanitsa mkombero ndi mbale, nauza azimayi pogwira ndi pokankha, nasunthira mkombero mbali ina ya zogwirira zake. Amayi atayezanso, ndodo ziwiri zinakwana. Atate aang'ono anamanga manati onse okha, osati motsatizana koma modumphadumpha, iyi kenako ya kutsidya kwake, ndipo thalakitala itatsika pa mitondo anawalimbitsanso ndi paipi ija. Anasunthanso magudumu akutsogolo, amene ndi opepuka, ndi makasu akumbuyo. Pomaliza anatembenukira amayi, thukuta likudontha pamphuno.

"Sindikuchitira inu. Pampando apa ndimakhala ine. Gudumu likachoka, wothyoka khosi ndine."

"Ndamva, alamu," anatero amayi. "Mawa ndi la Mulungu. Tikudikirani Lolemba."

Amayi aang'ono anaika jeke m'dengu, nasenza, natsogola kubwerera kumudzi, magazi ataumira paphewa.

Lolemba thalakitala inalowa m'munda wa atate. Ndinayenda pambuyo pake mzere woyamba wonse, ndikuyang'ana pansi. Magudumu ankayenda m'ngalande ngati kuti munda unaundidwira iwo. Masamba a chimanga ankakhudza mimba ya thalakitala, kuwerama, n'kudzukanso. Dothi linkagudubuka lakuda, lofunda, lonunkhira ngati mvula yoyamba, likukwirira chisoso ndi khovani, nyongolotsi zikuphiriphitha pamwamba. Sindinaone phesi ngakhale limodzi lothyoka. Atate aang'ono sanayang'ane kumanja kapena kumanzere, koma anabandira mpaka kumapeto monga ananenera pamaso pa anthu, ndipo ntchito yake inali yaukhondo. Amayi anaima kumutu kwa munda, dzanja lili pamimba, mpaka mzere wotsiriza. Madzulo ake anapitanso kwa amayi a kolona, chifukwa anati amene wasuntha chinthu cha anthu onse ndiye achibwezere. M'mawa mwake azimayi anabweranso ndi mitondo yawo nabwezera magudumu pa muyeso wa alangizi. Ulendo uno jeke anabwera nayo mwini wake, ndipo amuna ena anapezeka kuti misana yawo yachira. Amayi aang'ono sanabwere.

Mwana anabadwa chimanga chikukhwima, wamkazi, wa mawu aakulu. Pokolola nkhokwe sinadzaze mpaka kudenga, koma inadzaza kufika pamene munthu sangatchule njala. Achibale a atate anabwera, nasuzumira, nakambirana za ng'ombe ndi za mvula, nachoka osatchulanso nkhani ija. Amayi anakhala pakhomo pamenepo mpaka tsiku limene Ambuye anawaitana ali okalamba, ndipo palibe Misa imene anakhala pa benchi anzawo akupita kukalandira.

Ine ndinkayembekeza kuti kuyambira Loweruka lija amayi aang'ono adzakhala munthu wathu. M'maso mwanga palibe amene anatichitira zazikulu ngati iwo. Dzungu loyamba la m'munda mwathu litakhwima ndinapempha amayi kuti ndikawapatse. Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ndinagwada, ndinapereka dzungulo ndi manja awiri, ndi kuwauza mawu amene ndinawakonza njira yonse, akuti Mulungu awadalitse chifukwa chotikonda. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpeni uli m'manja. Chipsera cha paphewa chinkaoneka pamene bulauzi inatsetsereka. Analandira dzungulo naliika pambali, nati, "Ukawauze amako kuti aliyense akhale pakhomo pake." Sanandiuze kuti ndikhale pansi.

Ndipo zinakhaladi choncho. Akakumana ndi amayi anga kuchitsime ankapatsana moni waufupi, wina n'kuyang'ana mtsuko wake, winanso wake. Azimayi awiri amene anagonjetsa gudumu limodzi sindinawaonepo atakhala pa mphasa imodzi, ngakhale pa ukwati, ngakhale pa maliro. Zinkandipweteka, ndipo tsiku lina tikutong'ola chimanga ndinafunsa amayi kuti chifukwa chiyani munthu amene anatisenzera chitsulo cholemera chija, nang'ambika phewa chifukwa cha ife, safuna kubwera kwathu.

Amayi sanasiye kutong'ola. "Tsiku lija sanabwere chifukwa cha ife," anatero. "Uziwapempherera, mwana wanga. Uziwatchula dzina usanagone."

Ndinkawatchuladi, ndipo ndimawatchulabe. Koma pa nthawiyo ndinali ndisanakwatiwe, ndisanadziwe mmene mkazi amasesera bwalo lake atamva kuti pa bwalo lomwelo pamangidwa nyumba ya mkazi wina. Ndinangokhala ndi chitsononkho m'manja, ndikuganiza kuti munda unali wathu, chimanga chinali chathu, nkhokwe inali yathu, amene akanachotsedwa anali amayi anga. Ndinafufuza m'mutu mwanga mudzi wonse, khomo ndi khomo, kufuna munthu wina amene amayi aang'ono akanamusenzera jeke ija, ndipo sindinamupeze.